Chiphaniphani cha Shawna

Nevada, 4 Seputembala 1994

Marlys mkulu wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kwathu ku Des Moines: iweyo, alamu anga a Duane, kamwana kako Josie, ndi mwana wanga Shawna. Ine kuno kundende ndilipo. Kukutentha ngati mu uvuni, chakudya ndi chomwe chija, ndiye tisaonongerepo pepala.

Kalata yako yomaliza inali ya mu Juni. Sindikudandaula, ndikungokukumbutsa kuti mng'ono wako adakali moyo. Foni munaitseka kuti ndisamaimbe, ndipo ndinamvetsa, poti unati ndikaimba Shawna amatha masiku awiri osadya. Koma ndiye uzilemba. Munthu ukakhala muno, ngakhale nkhani yoti mwagula ketulo yatsopano ndi nkhani yaikulu.

Ine nkhani ndili nayo. Andichotsa kochapa zovala, andiika kosoka. Timasoka timajekete topanda manja ta anthu okonza misewu, tija tokhala ndi timalamba tonyezimira galimoto ikaunika. Tizidutswa totsala timangotayidwa. Ndinapempha mayi Ortega, amene amatiyang'anira kosokako, ndipo andilola kutola. Lamulo limalolanso kutumiza kunyumba chinthu chimodzi chopanga ndi manja, bola achifufuze kaye. Ndiye wamva kale kumene ndikupita. Halowini yayandikira, ndipo chaka chino chovala choti Shawna akapemphere maswiti m'makomo ndisoka ndine.

Chikhala chiphaniphani. Ukukumbuka mmene ankazithamangitsira pabwalo pa malemu amayi, botolo la jamu lili m'manja, akagwira chimodzi n'kuyamba kulira kuti chizima? Ndiye ndithandize miyeso: kuchokera paphewa kufika pabondo, kuzungulira pachifuwa, ndi kutalika kwa mkono. Umuyeze atavala jekete lake lamphepo, chifukwa Okutobala wa kwathu ndimamudziwa. Zithunzi za kusukulu zimene umanditumizira zimathera m'mapewa. Mano ake ndimawadziwa onse, lomwe linaguluka ndi lomwe linamera mopotoka, koma sindidziwa kuti akaima pakhomo mutu wake umafika pati.

Ulendo womaliza umene ndinayenda naye madzulo a maswiti anali ndi zaka zinayi, tisanasamukire kuno. Khomo lililonse ankaiwala nthabwala yake, n'kungotsegula thumba ali chete, anthu n'kumamupatsa awiriawiri chifukwa cha chisoni. Anzanga muno sakhulupirira kuti kwathu mwana amayamba wanena nthabwala asanapatsidwe switi, ndiponso kuti timayenda pa 30 osati pa 31. Akuti anthu a ku Iowa ndife ouma manja, switi yeniyeniyo mpaka mwana aigwirire ntchito.

Ndisakubisire chimene ndikufuna, Marlys. Zaka zinayi ndakhala ndikumulembera mwana ameneyu mwezi ndi mwezi, ndipo sanandiyankhepo. Poyamba ndinkadzitonthoza kuti sadziwa kulemba. Pano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bodza limenelo latha ntchito. Ndikufuna kalata imodzi ya dzanja lake, ngakhale mizere iwiri, ngakhale yonditukwana. Mwina akavala chinthu chimene manja anga agwira, adzakumbuka kuti ali ndi mayi.

Yankha msanga. Miyeso usaiwale.

Mng'ono wako,
Rhonda


Nevada, 24 Seputembala 1994

Marlys,

Moni nonse. Masabata atatu apita, ndipo tsiku lililonse akamaitana mayina a olandira makalata ndimaima kutsogolo ngati chitsiru. Kodi tepi yoyezera yasowa mu Iowa monse? Phukusi liyenera kukhala m'manja mwa ofufuza pofika pa 7 Okutobala, apo ayi lidzafika ana atadya kale maswiti.

Poti nthawi ndili nayo yambiri, ndalemba zoti udzatsate tsikulo. Usakwiye, ingowerenga. Chigoba kumaso asavale, timabowo ta maso tija timabisa galimoto yochokera m'mbali. Nsapato avale zake za masiku onse. Asayandikire maungu okhala ndi kandulo pamasitepe, nsalu sichedwa kugwira moto. Nyumba yozima getsi pakhonde asagogode, eni ake sakufuna alendo. Msewu aziwolokera pamphambano, osati kutulukira pakati pa magalimoto oima, ngakhale atamva kuti tsidya linalo akugawa chokoleti chachikulu. Wamkulu aziyenda mbali ya msewu, tochi ili m'manja. Ikamakwana eyiti akhale ali m'nyumba, ndipo switi asadye iwe usanaiyang'ane.

Ndikudziwa chimene ukunena mumtima, kuti taonani amene akuphunzitsa anthu za pamsewu. Ndine ndithu, ndipo n'chifukwa chake uyenera kundimvera. Inu nonse mumadziwa mmene zimaonekera munthu uli wapansi. Ine ndimadziwa mmene zimaonekera uli pachiwongolero. Za ngozi ija sindinakuuzepo bwinobwino, ngakhale kukhoti ndinkangoyankha kuti inde. Dzuwa linali litangolowa, nthawi ija kunja sikunade koma sikukuwalanso. Ndinali nditamwa mabotolo atatu poweruka kuntchito, zimenezo sindikana ndipo sindidzakana. Bambo Pruitt anavala jekete labulawuni ndi buluku lakuda. Marlys, sindinawaone. Sindikunena kuti ndinawaona mochedwa ayi. Ndinangomva phokoso, n'kuganiza kuti ndagunda bini. Nditatsika ndinapeza munthu ali gone, mazira amene anagula ataswekera pamsewu. Anamwalira asanafike kuchipatala. Mkazi wawo anabwera kukhoti masiku onse, chikwama chili pamiyendo, ndipo sanandiyang'ane ndi kamodzi komwe.

Nthawi imeneyo ndiyo imene ana amatulukira ndi matumba awo. Madalaivala onga ine sanathe padziko, ena akuweruka kuntchito pompano. Ndikamasoka timalamba timeneti tsiku lonse ndimaganiza kuti kakanakhala kamodzi kokha pamsana pa bambo aja, mwina ndikanaponda buleki. Mwinanso ayi, mowa ndi mowa. Za bambo Pruitt sindingazibweze, koma mwana wanga ndikufuna azionekera patali.

Chonde miyeso. Ngati wandikwiyira, nditumizire manambala okha popanda moni.

Rhonda


Des Moines, 2 Okutobala 1994

Rhonda,

Makalata ako onse awiri ndalandira. Tili bwino, kupatula apongozi anga amene anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ndikaweruka kukhitchini ya kusukulu ndimathamangira kuchipatala, ndikabwerako kuphika, kuchapa, homuweki ya Shawna, kusambitsa Josie. Tepi yoyezera ilipo, koma manja ndili nawo awiri okha.

Malamulo ako ndawerenga. Ndinawerengeranso Duane, iye anati tiwamate pafiriji pafupi ndi Malamulo Khumi. Ine sindinaseke. Zaka zinayi ndayenda naye mwana ameneyu m'makomo, pamvula, pachisanu, chaka china Josie ali wakhanda m'manja, ndipo nthawi zonse wabwera ndi miyendo yake iwiri. Tochi ndili nayo. Pamphambano ndimapadziwa. Za bambo Pruitt ndinalira nditawerenga, usaganize kuti mtima wanga ndi mwala. Koma usamandilembere ngati wantchito amene wamulemba dzulo.

Tsopano za miyeso. Loweruka ndinatenga tepi, ndinamupeza akudya cham'mawa, ndinati, "Shawna, taima ndikuyeze, amayi ako akufuna akusokere chovala cha Halowini."

Iye anati, "Amayi anga ati?"

Ndinati, "Usandiyankhe choncho iwe, uli nawo angati?"

Anati, "Ngati akufuna kudziwa, abwere adzandiyeze okha." Anasiya mbale pomwepo, n'kukwera kuchipinda, chitseko anachita kumenyetsa. Josie anandifunsa ngati angamalize chakudya chotsalacho.

Ndikanatha kuyeza diresi lake iye ali kusukulu, ndikudziwa. Ndasiya dala. Ndikuopa kuti udzasoka mpaka zala kutupa, iye n'kudzachikankhira pansi pa bedi, ndipo wodzakuuza zimenezo ndidzakhala ine. Zisiye chaka chino. Tidzagula cha m'sitolo, timalamba tonyezimira ndidzamata ndekha. Makalata ako amalandira, amawatenga yekha m'bokosi la panja akamachokera kusukulu, n'kukawasunga m'katoni ya nsapato. Ngati amawawerenga sindikudziwa, ndipo ndinasiya kufunsa. Wakula, Rhonda, ndipo makani ake ndi ako omwe.

Ketulo sitinagule. Galu wa mayi Dykstra, aneba athu aja, anafa mwezi watha, pano tikugona. Nkhani za kuno ndi zomwezo.

Mkulu wako,
Marlys


Nevada, 11 Okutobala 1994

Marlys,

Moni. Apongozi ako ndawaika m'mapemphero. Kalata yako yafika dzulo, koma phukusi ndinapereka kale pa 7, ndiye madzi atayika.

Ukuti ndizisiye. Unandisungira mwana pamene panalibe wina, ndipo ndidzakuthokoza mpaka kumanda. Koma iwe umamuphikira, umamupesa tsitsi, akadwala umamugwira pamphumi. Ine ndapempha chinthu chimodzi pa zaka zinayi, ndipo ukuti udzagula cha m'sitolo. Kodi ukuopa kuti adzachikana, kapena ukuopa kuti adzachikonda?

Miyeso ndapeza ndekha. Tsiku lija unabwera kudzamutenga, anandikumbatira m'miyendo, mutu wake unafika pa batani la buluku langa. Pamenepo ndimapamvabe mpaka lero. Ndinaima kukhoma, ndinalemba ndi sopo, ndinawonjezera chikhatho chimodzi cha zaka zapitazi, kenako malo a jekete. Yolanda, mnzanga wa m'chipinda, akuti chachepa. Ndamuuza kuti iye anabereka zimphona, ife kwathu ndife anthu ang'onoang'ono, ndipo Shawna anabadwa masiku asanakwane, sikelo inachita kumufunafuna. Yolanda anangopukusa mutu, koma nditabayidwa ndi singano anandithandiza kumaliza mpendero.

Thupi ndi lachikasu, mapiko a olenji. Timalamba ndaika m'mikono, pamsana ndi kuzungulira m'munsi, kumchira ndaunjika titatu. Chikulekeza m'mawondo kuti asapunthwe pamasitepe. Chipewa chili ndi tinyanga tiwiri, sichiphimba maso, ndipo pakhosi ndaika batani osati chingwe. Timalamba tina totsala ndatipinda m'kati, udzamate pathumba la maswiti. Ndisanapereke ndinachiyesa. Ndinapempha msilikali wina wa ndende kuti aunike ndi tochi yake kuchokera kumapeto kwa khonde. Anaseka, koma anaunika. Chinawala mpaka azimayi a zipinda zina anaomba m'manja, ndipo ine ndinalowa m'chipinda kukalira.

Nthabwala ndamupezeranso, umuphunzitse. N'chifukwa chiyani chiphaniphani chimayaka n'kuzima? Chifukwa amayi ake amati zimitsa getsi ugone, akangotembenuka icho n'kuyatsanso. Yolanda akuti siyoseketsa, koma iye ndi wa ku Texas, za nthabwala za pakhomo sadziwa kanthu.

Ukandijambulire chithunzi. Akakana kuvala usamukakamize, koma umuonetse msoko, umuuze kuti si wa fakitale. Pepa ndi mawu ena amene ndalemba pamwambapa. Ndikanafufuta, koma pepala ndi lomweli.

Rhonda


Des Moines, 6 Novembala 1994

Rhonda,

Moni kuchokera kwa tonse. Apongozi atuluka m'chipatala, akuyendera ndodo ndipo akutilamula nayo nyumba yonse. Phukusi linafika pa 27. Nditalitsegula patebulo ndinayamba ndakhala pansi. Sindinkadziwa kuti umatha kusoka chonchi, iwe amene batani lenilenilo unkabwera nalo kwa ine.

Tinatuluka Lamlungu sikisi koloko, kukuzizira koma kopanda mvula. Chiphaniphani chako chinayenda nyumba zonse za mumsewu mwathu ndi za msewu wa kuseri, kupatula zozima getsi. Za kuwala unanena zoona. Galimoto ina inachokera kumtunda mothamanga, magetsi ake atangogunda timalamba tija inachepetsa liwiro idakali kutali. Podutsa dalaivala anatsitsa galasi n'kunena kuti, "Ameneyo ndamuonera kumphambano kuja, mayi." Ndinakumbukira kalata yako.

Mayi Dykstra anatsegula chitseko, mbale ya maswiti ili m'manja, n'kuti, "Nanga ichi ndiye chiyani, njuchi yaledzera?"

Ndinati, "Chiphaniphani, mayi, valani magalasi."

"Wasoka ndani? Iwe Marlys ayi, makatani ako ndimawaona."

Ndinati, "Wasoka mng'ono wanga Rhonda."

Kenako anawerama, anagwira mpendero n'kuutembenuza kuti aone msoko. Anati, "Ukamuuze kuti manja ali nawo." Anathira maswiti odzaza manja awiri nthabwala isanathe n'komwe.

Tinawolokera pamphambano ulendo uliwonse. Maungu a kandulo tinawalambalala. Eyiti isanakwane tinali m'nyumba, ndinakhuthulira matumba patebulo, ndinataya maswiti atatu omasuka mapepala, ndipo Duane anadya chokoleti ziwiri ponamizira kufufuza. Ana anabwera bwinobwino, palibe amene anagwa kapena kupsa. Mtima wako ukhale m'malo.

Chithunzi ndi ichi. Duane ndiye anajambula chakumbuyo, ana akukwera masitepe a mayi Dykstra. Zinazo sindinazikonde.

Za kalata ndamuuza Shawna kawiri. Sanakane, sanavomere. Funso lako lija lakuti ndikuopa chiyani sindiyankha. Unandilasa, koma ndiwe mng'ono wanga, ndilibe wina.

Marlys


Nevada, 15 Novembala 1994

Shawna mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa Anti Marlys, Ankolo Duane ndi Josie. Kalata iyi ndi yako yekha. Chithunzi chafika dzana, ndipo kuyambira pamenepo chakudya chikundikanika ndi chimwemwe. Unachivala, mwana wanga. Ndimangobwereza mawu amenewa ndikamasoka, mpaka anzanga ayamba kundiseka.

Ngakhale unapereka msana, ndinakuzindikira nthawi yomweyo. Phazi lako lamanzere limapindikirabe m'kati ukamakwera masitepe, monga unkachitira uli wamng'ono. Mayi sangasokoneze mwana wake. Chakukwana ngati ndinachita kukuyeza, ndipo Yolanda amene ankati chachepa pano wasowa chonena. Getsi la kamera litagunda timalamba tija wawala mbee, mchira wokhawo ngati nyali. Mayi Ortega anabwereka chithunzicho kukaonetsa anzawo kuofesi, ine ndinaima pakhomo mpaka atandibwezera. Pano ndachimata kukhoma ndi mankhwala otsukira mano, pafupi ndi pilo, kuti ndikadzuka ndiziyamba kuona iwe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chandisowetsa mtendere. Mtsikana wamtali amene wakugwira dzanja uja ndi wa ndani? Poyamba sindinamuone n'komwe, anachita kundilozera Yolanda. Wavala zakuda bii kuyambira chipewa mpaka nsapato, popanda ndi kalamba kamodzi komwe, chonsecho nthawi yake ndi ya chisisira. Mwana wotere dalaivala samuona, ine ndikudziwa. Ndinapsa mtima kwambiri. Mayi ake ali kuti? Mayi wosamala mwana wake sangamulole kutuluka pakhomo chonchija. Uwauze Anti akalankhule nawo mayi akewo, asaope, ndi nkhani ya moyo imeneyi. Chaka chamawa ukadzayendanso naye, udzamugawireko timalamba totsala tija.

Josie sindikumuona pachithunzi, kaya anali kumbuyo ndi Anti. Nanga nthabwala ija anthu anaseka? Unaikumbukira khomo lililonse, kapena unkangotsegula thumba ngati kale? Ndiuze wekha. Ndaikamo pepala ndi envelopu, adiresi ndalemba kale, chako n'kungolemba.

Amayi ako okukonda


Des Moines, 27 Novembala 1994

Rhonda,

Moni. Ndakulakwira, ndipo sindikudziwa poyambira. M'kalata yanga ija sindinalembe bodza ndi limodzi lomwe, koma mawu ndinachita kusankha ngati nyemba, ndipo pa zithunzi khumi ndi ziwiri ndinasankha chakumbuyo dala. Ndinkafuna ukhale ndi chimwemwe chimodzi m'menemo. Sindinaganize kuti udzalembera Shawna za chithunzicho.

Kalata yako anaitenga yekha m'bokosi monga mwa masiku onse. Pobwera kuntchito ndinamupeza atakhala pamasitepe a panja, chikwama chidakali kumsana, kalata ili pamiyendo. Sanalire. Anangondifunsa kuti, "Anti, munawauza chiyani?" Pa Tsiku Lothokoza, phwando la mabanja lija, nyumba inadzaza achibale a Duane, iye anakhala patebulo osadya kanthu. Dzulo anapempha tepi yoyezera, anatenga envelopu yako ija n'kudzitsekera kuchipinda.

Wandipatsa m'mawa uno yosamata, wati ndikhoza kuwerenga. Ndawerenga, ndipo sindinasinthe kanthu. Ndi kalata imene wakhala ukupempha. Uiwerenge utakhala pansi, Yolanda ali pafupi. Ukafuna kutukwana, tukwana ine.

Marlys


Des Moines, 26 Novembala 1994

Amayi,

Moni. Ine ndili bwino. Ndili giredi 4. Aphunzitsi akuti ndimalemba mopendekera, ndiye muwerenge pang'onopang'ono.

Chiphaniphani chija si ine. Ndi Josie. Josie ndiye amapinda phazi.

Phukusi litafika ndinanena kuti sindikufuna. Koma Anti ali kukhitchini ndinachitengera kubafa n'kutseka chitseko. Ndinachinunkhiza kaye. Ndinavula jekete ndi juzi kuti chilowe. Mutu unalowa koma chinakanirira m'mapewa. Ndinakoka, chinang'ambika kukhwapa. Ndinalephera kuchivula, mikono ili m'mwamba, mpaka Anti anadzandivula. Anasoka pong'ambikapo. Ndine ndinanena kuti apatse Josie, poti iye chimamukwana ndi jekete lomwe.

Wamtali wa zakuda ndine. Ndinavala chikhoti cha mvula cha Ankolo Duane ndi chipewa chawo. Anthu akafunsa ndinkati ndine mthunzi wa Josie. Anti anafuna kundimata timalamba tanu koma ndinakana chifukwa ndinali nditakwiya. Musawakalipire. Anayenda kumbuyo kwanga ndi tochi njira yonse.

Nthabwala yanu ananena Josie. Anaisokoneza koma anthu anaseka.

Munafunsa kuti mayi ake a mtsikana uja ali kuti. Ali ku Nevada.

Makalata anu ndimawerenga onse, ena kawiri. Sindinkayankha chifukwa sindinkadziwa ngati mukulembera ine kapena kamwana kaja. Ziphaniphani ndinasiya kugwira kalekale. Pano ndimasewera basiketibolo, ndipo m'kalasi mwathu wamtali kuposa ine ndi mmodzi yekha.

Lero ndadziyeza ndekha pachitseko. Ndine mafiti anayi ndi mainchesi asanu ndi anayi, popanda nsapato. Anti akuti mudzatuluka ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndiye muwonjezereko.

Mukadzabwera kudzanditenga, musadzatenge Josie.

Shawna